Manja a Limbanazo ndi Mfuko wa Pagolo

Kalekale, mpira usanayambe kumveka pa wailesi, ku Kanyerere kunali munthu wina dzina lake Limbanazo. Ankaluka malichero. Ana asanu ankadya za manja akewo. Loweruka likafika, ankaima pagolo pa katimu ka m'mudzimo, poti mikono yake inali yaitali.

Katimu kake nkotaninso? Ovala nsapato analipo atatu okha. Koma chaka china kanangoti uku kapambana, uku kapambana, mpaka kanafika pa masewero omaliza olimbirana chikho. Anthu anavina. Limbanazo sanavine. Ankadziwa amene akukakumana nawo.

Anali a Ziphaliwali, timu ya m'tauni. Zaka zisanu ndi ziwiri osagonja. Asanasewere, sing'anga wawo ankakwirira mizu pa magolo onse awiri. Ndipo mbiri inali ponseponse, yoti goloboyi wogwira mpira womenyedwa ndi Gwaza, katswiri wawo, manja ake amauma.

Usaseke, mwana wanga. Umboni unalipo. Sakwata, goloboyi wa kutsidya, anaugwirapo kamodzi. Atafika kwawo anakulunga dzanja m'nsanza, osaligwiritsanso ntchito. Chaka chisanathe linali ngati chikuni. Kuyambira pamenepo, Gwaza akamenya, agoloboyi ankadumphira kwina.

Tsikulo m'mawa, mkazi wake Nangozo anamuimitsa pakhomo.

"Bambo a Tiyanjane, chikho sichidyedwa. Manjawo mubwere nawo."

"Ndamva," anatero Limbanazo.

Wenzulo inalira. Ochemerera a Ziphaliwali anayamba nyimbo yawo: "Wagwira, wauma! Wagwira, wauma!"

Gwaza anamenya. Limbanazo anabisa manja kumbuyo, natchinga ndi chifuwa. Gwaza anamenyanso. Anatchinga ndi bondo. Anamenya kachitatu. Anatchinga ndi mphumi, nagwa chagada, magazi ali chuchuchu m'mphuno. Anadzuka, manja akadali kumbuyo.

"Wagwira, wauma! Wagwira, wauma!"

Chigawo chachiwiri, mmodzi wa a Kanyerere anangoumenya mpira kuti uchoke kwawo. Unapita, unapita, unagunda chitsinde cha udzu, unakhota, uwo mu ukonde wa Ziphaliwali. Bwalo lonse linangoti zii. Ngakhale woumenyayo anachita mantha.

Kutatsala pang'ono kuti masewero athe, oimbira analoza pakati pa bokosi. Penate. Gwaza anauika mpira pansi akumwetulira.

Penate satchinga ndi mphumi, mwana wanga. Limbanazo anadziwa. Akadumphira kwina, chigoli chabwezedwa, chikho chapita, mudzi wonse ukulira. Akaugwira, ana asanu adya chiyani? Anagwada pafupi ndi mtengo wa golo.

Apo dothi linagwedezeka. Panatuluka kamutu ka Mfuko.

"Ukunjenjemera chiyani pa denga langa?" anafunsa Mfuko.

"Mizu ili pansipa. Ndikagwira mpira, manja auma."

"Mizu ija? Ndadya ine m'mawa. Ya uku ndi ya uko yomwe. Yowawa, koma njala."

"Ndiye sunaume?"

Mfuko anatambasula timanja take. "Taona. Ndikukumbabe." Nalowanso pansi.

Limbanazo anaimirira. Mantha sanachoke ayi. Mumtima ankati, Mfuko si munthu, mwina mankhwalawo samugwira. Komabe anatulutsa manja kumbuyo kuja. Nyimbo inaduka.

Wenzulo. Gwaza anathamanga, namenya. Limbanazo anatsinzina, nadumpha. Phaa! Mpira uli m'manja, ukutentha ngati khala la moto.

Wenzulo yomaliza inalira. A Kanyerere anamunyamula paphewa, akuimba. Iye sanamve nyimbo. Ankangoyang'ana zala zake. Zinali zitachita dzanzi.

Anafika kwawo dzuwa likadalipo. Nangozo anali atamva kale. Anatuluka akulira, nsanza zili m'manja.

"Bweretsani ndikulunge, bambo a Tiyanjane."

Limbanazo anatambasula manja. Nsanza inakhudza chala. Pomwepo anakumbukira Sakwata. Anakumbukiranso timanja ta Mfuko.

"Ayi," anatero. "Ndipatseni nsungwi."

Anakhala pakhonde. Zala zili dzanzi, iye akuluka. Misozi ikugwa, iye akuluka. Ana asanu maso ali pa manja a bambo awo. Dzuwa likulowa, lichero linatha, lopotoka pang'ono. Manja anali amoyo.

Nanga Gwaza? Anati mankhwala abwerera mwini. Anathamangira kwawo, nakulunga mwendo m'nsanza, osaupondanso pansi. Chaka chisanathe unali ngati chikuni.

Wamva, mwana wanga? Mpira sudziwa wa nsapato, sudziwa wopanda nsapato. Ndipo mizu ija sinaumitsepo munthu. Zinkaumitsa ndi nsanza zimene munthu ankadzikulunga yekha.

Wenzulo yalira, nthano yanga nayo yathera pomwepo.