Mabli ndi Tsamba Lakumbuyo

Nyumba ya alendo ya mayi Eluned Pritchard ili kumapeto kwa msewu wa kugombe, pomwe basi imatembenukira. M'nyengo yozizira alendo sabwera, kupatula nkhalamba zodzaona mbalame za m'nyanja, koma nsalu zapabedi zimachapidwabe ndi kusitidwa, pakuti mayi Pritchard amati nsalu yokhalitsa m'kabati imanunkha ulesi. Ntchito yosita inali ya mwana wawo mmodzi yekhayo, Mabli, amene anali m'chaka chomaliza cha Fomu 6, kalasi ya zaka ziwiri yotsirizira sekondale. Ankasitira m'kachipinda kapamwamba, pazenera loyang'ana kunyanja, buku atalitsamiritsa padengu la zochapa. Ndikati ankawerenga ndinama. Maso ankakhala pabuku, dzanja pasimbi, koma mwini wake anali ku Scotland.

Anali atapitako kamodzi kokha, mu Disembala, kukafunsidwa mafunso pa yunivesite ina yophunzitsa udokotala wa ziweto. Potuluka chakumadzulo, chifunga chitaphimba misewu, anaona zenera limodzi likuwala pamwamba penipeni pa nyumba yosanja, mtsikana wina atakhala pamenepo akumwa tiyi uku akulemba. Kuyambira tsiku limenelo Mabli anasamukira m'chipindacho. Anaikamo bedi, anapachika makatani obiriwira, anasankha pangodya poika nsapato zamatope akamachokera kumafamu. Ndi mphaka yemwe anali atamupatsa dzina, mphakayo asanabadwe. Yunivesite inamulonjeza malo, koma inati pa kemisitiri abweretse A wa nyenyezi, giredi yomwe pamwamba pake palibenso ina. Akabweretsa A wopanda nyenyezi, malowo apita kwa wina.

M'tauni yathu munalibe wokayika. Chaka choyamba cha Fomu 6 mtsikanayu anakhoza moti aphunzitsi ankamutchula ndi m'makalasi omwe sanalowemo. Pepala loyamba la kemisitiri anapeza malikisi onse. Lachiwiri anataya ochepa, osati chifukwa chosadziwa, koma sanatembenuze tsamba lomaliza. Funso linali kumbuyo, iye n'kupinda manja, kumaonerera mvula pazenera la holo mpaka nthawi kutha. Wina akanaseka n'kuiwala, koma Mabli chinamukhala pamtima ngati munga wa nsomba pakhosi. Tsambalo ankachita kulilota, loyera mbee, likudzitembenuza lokha pang'onopang'ono, cholembera chili m'manja koma dzanja losayenda.

Sukulu itatsegulidwa mu Januwale anapita kwa a Bowen, mphunzitsi wa kemisitiri. Anawapeza akutsuka mabotolo pasinki.

"Aphunzitsi, ndikufuna kulembanso pepala lachiwiri la chaka chatha lija."

A Bowen anatseka mpopi. "Lija unakhoza kuposa ine lija?"

"Ndinasiya funso."

"Funsolo linakukhululukira kalekale, mwana iwe. Takhala pansi ndikuuzenso, poti tsiku lomwe ndinkafotokoza m'kalasi iwe unali paulendo. Nyenyezi ili ndi zipata ziwiri. Choyamba, amaphatikiza malikisi a zaka zonse ziwiri, akwane A. Pamenepo iwe ukhoza kudutsa uli mtulo. Chachiwiri ndiye chopapatiza. Amatenga mapepala a chaka chino okha, ndipo pa malikisi 100 alionse upeze 90. Pachipata chimenecho za chaka chatha saziyang'ana n'komwe, ngakhale ubwere nazo pangolo."

"Ndamva, aphunzitsi."

"Wamva chiyani?"

"Zipata ziwiri."

"Ndiye?"

"Ndilembabe. Silinditengera nthawi, ndimalidziwa kale."

"N'chimene chikundiopsa chimenecho," anatero a Bowen, akupukuta m'manja.

Kumukaniza sakanatha, chifukwa lamulo limalola aliyense kulembanso pepala lakale pamodzi ndi a chaka chomaliza. Anangoimbira foni mayi ake a Mabli kuti mwina iwo amuunikira. Mayi Pritchard anamvetsera mwaulemu, foni ataipanira paphewa, uku akutembenuza timikate pachiwaya. Atadula anapukusa mutu.

"A Bowen ndi munthu wabwino, koma amadandaula ngati nkhuku yofungatira. Malikisi ndi malikisi, akachuluka sawola. Iwe lemba, mwanawe. Kwathu sitisiya bedi titayala theka."

Mayiwa sindiwaimba mlandu. Anasiya sukulu ali aang'ono, ndipo chilichonse chimene anachipeza pamoyo anachipeza pounjika pang'onopang'ono. Zoti pali nkhokwe ina imene sailola chimanga cha chaka chatha, kwa iwo zinali zosamveka.

Mlandu ndiuika pa Mabli, ngakhale ndimamumvera chisoni, pakuti nkhani ya tsamba lakumbuyo inali chophimbira chabe. Zoona zake n'zakuti maphunziro a chaka chachiwiri anamukulira. Kwa nthawi yoyamba chibadwire anagogoda pakhomo ndipo chitseko sichinatseguke. Ankati akatsegula buku latsopano, mizere ya mankhwala osinthana maonekedwe inkamuzungulira m'mutu, apa wagwira, apa yamupulumuka. Mwana amene wakula akuuzidwa kuti ndi wanzeru amaopa kufunsa kuposa kulephera. Choncho ankatseka bukulo mwakachetechete n'kutenga lakale, ndipo pomwepo mtima unkakhala m'malo. Mafunso ake ankamudziwa, iye ankawadziwa, ankangolonjerana.

Miyezi inayenda mokoma choncho. Chifunga chinkabwera m'mawa kuchokera kunyanja, n'kumeza maboti, n'kuwalavula masana. M'mapiri nkhosa zinaswa, maluwa achikasu anatuluka m'mbali mwa misewu. Mabli ankakhala pazenera lake, kuyankha mafunso akale mosaphonya ngakhale limodzi, kenaka n'kukweza maso. Nthawi zina nyanja inkasanduka msewu wa ku Scotland uja, nyali zikuyaka m'chifunga, iye akukwera masitepe ndi mabuku kukhwapa, mphaka akumudikira pakhomo. Ankadzidzimuka ndi fungo la nsalu yoyamba kupserera.

Mnzake wapamtima anali Tesni Howells, mwana wa mlimi wa ng'ombe zamkaka, amene chaka choyamba anangopeza B wochita kukoka ndi chingwe. Tesni analibe manyazi. Nthawi ya nkhomaliro iliyonse ankakhala kwa a Bowen, kufunsa funso lomwelomwelo mpaka mphunzitsiyo kugwira m'mutu. Tsiku lina ataweruka, Mabli ndi Tesni anakhala pakhoma la kugombe akudya tchipisi, mbalame zikuwazungulira.

"Funso lomaliza la homuweki lija walipeza bwanji? Ine landiliza dzulo," anatero Tesni.

"Sindinafikepo."

"Mabli Pritchard sanafikepo? Dikira ndikauze abusa aimbe belu."

"Ndikumaliza kaye zakale. Ndikalemba lija mu Meyi, mutu upepuka, zatsopanozi ndizigwira kamodzin'kamodzi."

"Iwe, ukudyetsa ng'ombe yomwe unagulitsa kale. Mkaka wake akamwa ndani?"

"Usandilalikire. Sunaone mmene tsamba lija limandiyang'anira."

"Tsamba lilibe maso, mwali. Tiye mawa kwa a Bowen, ukakhale kumbuyo kwanga. Mafunso opusa ndizifunsa ndine, iwe uzingokolola."

Mabli anaseka, nalonjeza kuti apita. Mawa lake anafika mpaka pakhomo la labu, anamva Tesni akufunsa chinthu chimene iyenso sankachidziwa, ndipo manyazi anamugwira. Anabwerera kulaibulale.

Pepala lakale analilemba pakati pa Meyi, m'holo yodzaza ana a chaka choyamba amene ankamuyang'ana modabwa. Cholembera chinkangoyenda chokha. Atafika kumapeto anapuma, natembenuza tsamba, ndipo funso linalipo, kumbuyo komweko, likumudikira. Analiyankha modekha, chilembo chilichonse chowongoka. Tsiku limenelo sanakwere basi. Anayenda wapansi m'mbali mwa madzi, nsapato zili m'manja, ndipo ankamva ngati mchenga sakuuponda. Chisangalalo chimenecho chinali chenicheni, sindingachinyoze, ndipo chinamutengera sabata yathunthu.

Atatsika kumwambako anapeza mayeso enieni ali pakhomo. Alendo a m'chilimwe anali atayamba kudzaza nyumba, masitepe akulira, mazira akukazingidwa m'mawa uliwonse. Apa ndiye anagwira ntchito, ndipo ndikuchitira umboni kuti anaigwira ndi mtima wonse. Anapita kwa a Bowen maso ali pansi, iwo osamukumbutsa kanthu, n'kungomukokera mpando. Zinthu zinayamba kutseguka, chimodzichimodzi, ndipo anadabwa kuona kuti sizinali zoopsa monga ankaganizira. Zinkangofuna miyezi yomwe iye anali ataidya kale. M'mayeso a Juni mafunso ambiri anawayankha bwino, koma aatali akumapeto, amene amalekanitsa wokhoza ndi wokhozetsetsa, ankawayamba molimba mtima n'kuwamaliza mongoyerekeza.

Zotsatira zimatuluka Lachinayi lina mu Ogasiti, ndipo tauni yonse imadziwa. M'mawa umenewo mayi Pritchard anasiyira mnansi wawo alendo, navala chipewa chawo cha kutchalitchi. M'holo ya sukulu munali phokoso, ena akukumbatirana, ena atathawira kuseri. Mabli anang'amba envulopu yake ataima pafupi ndi khomo. Mayi ake anasuzumira paphewa pake, chala chikuyenda pamzere.

"Taona, pepala lako lija, malikisi onse. Sunataye ngakhale amodzi. Ndinanena ine." Anamugwira patsaya, kenaka anaona nkhope yake. "Nanga bwanji?"

"Onani pansipo, amayi."

"Ndaona, A. Si ameneyu timafuna?"

"Alibe nyenyezi."

Mapepala a chaka chachiwiri anali ataperewera pang'ono kufika pa 90 paja, pang'ono pokwana funso limodzi lalitali. Tesni anabwera akuthamanga, pepala lili m'mwamba, nyenyezi yake ili pomwepo pambali pa A, koma ataona Mabli anatsitsa dzanja n'kulibisa kumbuyo. Mayi Pritchard anachita kumulanda. Anaika mapepala awiriwo pamodzi, milomo ikuyenda, akuphatikiza monga amachitira ndi chilichonse.

"Koma onse pamodzi, ako ndi ambiri kuposa a Tesni."

"Inde, amayi."

"Ambiri kwabasi."

"Inde."

"Ndiye enawa apita kuti?"

A Bowen anafika, nayang'ana pepalalo nthawi yaitali kuposa momwe linkafunikira, kenaka anamutengera Mabli muofesi kuti aimbire yunivesite, poti nthawi zina malo amatsala ndipo woperewera pang'ono amamulandira. Mabli anadikira pafoni, kanyimbo kakulira, mayi ake ataima pakhomo chipewa chili m'manja. Pomaliza anayankha mayi wina wa mawu ofatsa, nafunsa dzina ndi giredi ya kemisitiri.

"A," anatero Mabli. "Koma pepala lina ndapeza malikisi onse."

"Mwachita bwino kwambiri. Ndi la chaka chiti?"

Mabli anayang'ana a Bowen. Iwo anayang'ana pazenera.

"Chatha."

Zala zinamveka zikugogoda pakompyuta kutali uko.

"Pepani, Mabli. Chaka chino onse amene tinawalonjeza malo abweretsa zomwe tinapempha, ndipo kalasi yadzaza. Mukafuna, mudzayesenso chaka chamawa."

Anathokoza mwaulemu, monga anamulerera mayi ake, naika foni pansi ndi manja awiri. Anali ndi malikisi ochuluka kuposa mwana wina aliyense wa kemisitiri pasukulupo, ndipo panalibe poti n'kupita nawo. Zimene anazikhoza dzana zinali zabwino pa nthawi yake, koma pachipata chomwe chinali patsogolo pake zinali zitatha mphamvu. Akuluakulu sananame: tsobola wakale sawawa.