Kamphira ka Pansi pa Mjigo

Kudera lina lakuchigwa, kumene dzuwa la Okutobala limaswa mtengo, kunali mmisiri wokonza mijigo. Midzi isanu ndi iwiri inkamwa madzi chifukwa cha manja ake. Mjigo ukangoyamba kulira wosatulutsa kanthu, uthenga unkathamangira kwa iye, iye n'kumangirira sipanala pa njinga, ulendo. Ntchito ankaidziwa munthuyo, tisamunamizire.

Koma anali ndi kakhalidwe kake. Ndodo zachitsulo za mu mjigo n'zolemera, munthu mmodzi sangazizule, ndiye ankaitana anthu kuti amuthandize kukoka. Ikatuluka ndodo yomaliza, imene kunsonga kwake kumakhala kamphira kokweza madzi, mmisiri ankati, "Tatembenukani nonse, muyang'ane uko." Anthu n'kutembenuka, amuna ndi amayi omwe, ngati pali wina akusamba. Iye n'kuchotsa kamphira kakutha, n'kuika katsopano. Kamphirako n'kakang'ono, koma kali ndi kumwamba ndi kunsi kwake, ndipo ukakaika chozondoka madzi sabwera. Chinsinsi chonse chinali chomwecho basi! Zaka makumi awiri anthu akumuonetsa misana.

Chaka china anthu a midzi ija anakhala pansi n'kugwirizana kuti mudzi uliwonse uziyendetsa wokha za madzi ake. Ukhale ndi komiti yake, sipanala yake, ndi anthu ake awiri odziwa kukonza mjigo. M'mudzi wa mmisiri anasankha mayi wina dzina lake Nasimango kukhala wapampando. Mayiyo anapita kwa mmisiri, n'kugwada.

"Bambo, tabwera kuti mutiphunzitseko. Midzi isanu ndi iwiri yakulemerani nokha."

Mmisiri mtima unamuwawa. Anaganiza za amayi amene ankathamangira kudzalandira njinga yake, mpando umene ankamuikira pamthunzi, ndi dzina lake limene linkatchulidwa m'midzi yonse. Aliyense akadziwa, iye adzakhala ndani?

"Mayi, madzi akusowa kodi? Ndikadalipo ine," anayankha motero.

Mkazi wake, Nangozo, anamva zonse ali pakhonde. Alendo atapita anati, "Bambo, aphunzitseni anthuwa. Nanga nzeruzi mudzapita nazo kumanda?" Mmisiri anangotenga sipanala yake n'kukaibisa pansi pa bedi.

Abale anga, thupi silitsanzika likamafooka. Mmawa wina mmisiri anagwa pabwalo akupopa njinga. Anapulumuka, koma dzanja lamanja linafa, mwendo unafa, ndipo pakamwa panapotoka. Mawu anatha. Nzeru zonse zinali momwemo m'mutu, koma khomo lotulukira linali litatsekeka.

Sipanapite mwezi, mjigo wa m'mudzi mwake momwe unaleka kutulutsa madzi. Komiti inalipo, sipanala yatsopano inalipo, timphira tatsopano tinalipo m'kathumba. Wodziwa ndiye panalibe, m'midzi yonse isanu ndi iwiri. Anthu anabwerera kudambo, kumene ng'ombe zimamwera. Nangozo nayenso, ndi ukalamba wakewo, ankatsika ndi kandowa kukatunga madzi amatope kuti amwe iye ndi wodwala wake. Sabata yachiwiri Nangozo anayamba kutsekula m'mimba ndi kusanza. Mmisiri anagona pamphasa akuona mkazi wake akutha ngati kandulo, ndipo ankadziwa bwino lomwe kumene matendawo achokera.

Nasimango anaona kuti mudzi utha. Anati kwa anzake, "Tiyeni tiyese tokha. Bambowa tiwanyamule, azikationa." Anamukweza mmisiri pa ngolo, n'kukamukhazika pamthunzi pafupi ndi mjigo, sipanala yake yakale ili pamiyendo.

Kumasula anamasula bwino. Kukoka ndodo ndiye anali akatswiri, poti anakoka zaka makumi awiri. Yoyamba inatuluka, yachiwiri, yachitatu, mpaka yomaliza, kamphira kong'ambika kali kunsonga. Ndiye tamverani zimene zinachitika. Popanda wowauza, anthu onse anatembenuka. Amuna, amayi, ndi wapampando yemwe, onse anayang'ana kuthengo, kudikira. Miyendo yawo inachita zimene inazolowera.

Mmisiri anaona misana yokhayokha. Ndi phunziro lokhalo limene anaphunzitsa anthu ake, ndipo analigwira bwino. Anayesa kufuula kuti cheukani, koma pakamwa panangotuluka kubuula. Misozi inatsika. Ndiye anatola sipanala ija ndi dzanja lamanzere, n'kumenya chitsulo cha ngolo. Ngwee! Ngwee! Ngwee!

Anthu anacheuka ndi mantha. Iye analoza maso awo, kenako analoza kamphira. Nasimango anasendera, n'kuika katsopano. Mmisiri anapukusa mutu. Mayiyo anakazondotsa. Mmisiri anagwedeza mutu kuvomera.

"Basi? N'zomwezi?" anafunsa Nasimango.

Zinali zomwezo. Ntchito yosatenga ngakhale nthawi yosenda chinangwa chimodzi.

Anabwezera ndodo, anamanga, anajiga. Madzi anatuluka oyera mbee, amayi n'kuyamba nthungululu. Koma nthungululuzo zisanathe, kunamveka kulira kuchokera kunyumba kwa mmisiri. Nangozo anali atatisiya. Ndowa yoyamba ya madzi oyera aja inapita kukasambitsa thupi lake.

Abale ndi alongo, ine nkhaniyi imandiwawa, chifukwa mmisiriyu sanabe kanthu, sanaphe munthu, sanatukwane. Anangosunga yekha chimene Mulungu anamupatsa kuti chikhale cha onse. Luso limene muli nalo, kaya ndi losoka, lomezanitsa mitengo, losamala odwala kapena loyendetsa msonkhano, si lanu. Munangosungitsidwa. Mudzi umene madzi ake, thanzi lake ndi nzeru zake zili m'manja mwa munthu mmodzi uli pangozi, ngakhale munthuyo akhale wabwino chotani, pakuti dzanja limodzi limafa. Mulungu sanaunjike mphatso zonse pa mutu umodzi. Anazimwaza dala, kuti tizifunana ndi kuphunzitsana.

Ndiye musapite kwanu musanadzifunse: ndani amene ndakhala ndikumuuza kuti atembenuke? Muitaneni sabata ino. Muuzeni ayang'ane, pakamwa panu pakadali mawu.