Nkhope za pa Khoma la Msika

Panali munthu wina, mmisiri wa penti, amene ankakhala mumzinda wina wa pakati pa mapiri. Ankadya za kulemba zikwangwani za magolosale ndi mayina a maminibasi, koma mtima wake unali pa kujambula anthu.

Chaka china khonsolo ya mzindawo inamanga khoma lalitali kuzungulira msika waukulu. Khomalo linali lotuwa, losakoma m'maso. Makhansala anagwirizana kuti pa ndalama za ziphaso zimene amalonda amadula, apatulepo pang'ono zokongoletsera khomalo. Anaitana amisiri kuti aliyense abweretse maganizo ake papepala, ndipo maganizo a mmisiri uja ndiwo anawakomera.

Anagwira ntchitoyo miyezi iwiri. Anajambula amayi asanu ndi awiri akulowa mumsika: wina atasenza dengu la tomato, wina mtolo wa nzimbe, wina atabereka mwana, lichero lili m'manja. Nkhope zawo anangozipeka m'mutu mwake. Zinali zosalala, zokongola, zofanana ngati za ana a mimba imodzi. Tsiku lotsegulira, mfumu ya mzinda inalankhula, anthu anaomba m'manja, khomalo analijambula chithunzi. Kenaka aliyense anapita kwawo. Palibe amene anapatsidwa udindo wolisamalira.

Mmisiri uja anasamukira kumzinda wina kukafuna ntchito, ndipo anakhalako zaka makumi awiri. Imvi zinamera, mawondo anayamba kudandaula pa makwerero. Tsiku lina analandira foni. Anali mayi wina wachitsikana amene anali atangoyamba ntchito kukhonsolo ija. Iye anali atapeza chithunzi chakale chija m'kabati, nakopa makhansala kuti khomalo likonzedwe, libwerere mmene linalili. Mmisiriyo anakondwa kwambiri, chifukwa pa ntchito zake zonse, imeneyi ndiyo ankanyadira pouza ana ake.

Atafika pamsika, chimwemwe chinathera pomwepo. Zovala za amayi aja zinali zitasuluka, zimene sanadabwe nazo. Koma nkhope sizinali zake. Munthu wina anali atazijambulanso ndi penti ya pazitseko. Ina inali ndi diso limodzi lalikulu kuposa linzake. Ina anaiveka magalasi. Ina inali ndi mphini m'masaya, ndi mpata pakati pa mano akutsogolo. Yomaliza inalibe kanthu, pulasitala yekhayekha.

Mtima unamuwawa ngati amunyozera mwana.

"Palani zonsezo, bambo," anatero mayi wa kukhonsolo uja pomupatsira chithunzi chakale. "Makhansala avomereza ichi. Muli ndi mwezi umodzi."

M'mawa mwake anatsamiritsa makwerero pakhoma, nakwera ndi chitsulo chopalira, kulunjika nkhope ya mphini ija. Pansi pake pankakhala mayi wina wogulitsa nyemba, dzina lake Nangondo. Mayiyo anasiya malonda ake, nagwirira makwererowo kuti asaterereke.

"Pepani, bambo," anatero motsitsa mawu. "Bwanji lero muyambe ndi miyendo? Nkhopeyo muifike mawa. Ndikufuna ndiitane achemwali anga adzaione komaliza."

"Ndi nkhope ya yani?"

"Ndi amayi athu."

Ndipo Nangondo anafotokoza. Mvula ya zaka zinayi inafufuta nkhope zonse, moti pamwamba pa amalonda pankaima anthu opanda maso. Amayi a mumsika anapita kukhonsolo katatu, katatu konse anauzidwa kuti adikire. Kenaka amake a Nangondo anamwalira. Anali atagulitsa nyemba pamalo omwewo zaka makumi atatu, koma sanasiye chithunzi ngakhale chimodzi. Anzawo anasonkha, nagula kachitini ka penti, ndipo mlongo wake wa Nangondo, amene amapenta zitseko ndi mawindo, anayesa mmene akanathera. Atamwalira mayi wina wogulitsa tomato, ana ake anapempha nkhope yachiwiri. Zinapita choncho mpaka zinakwana zisanu ndi imodzi.

"Nanga yopanda kanthuyo?" anafunsa mmisiri.

"Imeneyo tinaisiya dala," anayankha Nangondo akumwetulira. "Palibe amene akuithamangira."

Mmisiriyo anayang'anitsitsa nkhope imene inali pafupi ndi mphuno yake. Dzanja limene linaijambula linali losaphunzira, zimenezo zinali zoonekeratu. Koma pentiyo inali yochindikala. Anakanda pang'ono m'mbali ndi chikhadabo, napeza kuti pansi pake pali ina, pansi pa imeneyo palinso ina. Chaka ndi chaka, mvula ikatha, munthu ankakwera pamenepa kudzabwezeretsa mphini zija ndi mpata uja wa m'mano. Iye mwini, m'zaka makumi awiri, anali asanabwereko ndi kamodzi komwe.

Anatsika pang'onopang'ono. Chitsulo chija anachiika m'chikwama, nakhala pa thumba la nyemba.

"Tandiuzani, mayi," anatero. "Amayi anuwo ankaseka bwanji?"

Madzulo a tsiku lomwelo anapita kukhonsolo, nabweza chithunzi chakale chija. Anauza mayi wa kukhonsolo uja kuti nkhope zimenezo sazipala. Ngati akufuna zakale, apeze mmisiri wina. Ankadziwa kuti akhoza kubwerera kwawo chimanjamanja, dzina lake n'kuchotsedwa pakhomapo. Anangopempha chinthu chimodzi, kuti mayiyo abwere kumsika adzakhale pansi m'mawa umodzi wokha.

Mayiyo anaopa, pakuti anali watsopano pantchito ndipo anali atalonjeza kale akuluakulu ake. Komabe anabwera. Anakhala pabenchi pakati pa madengu, namva mbiri ya nkhope iliyonse: ya magalasi inali ya mayi amene ankaweruza mikangano ya mumsika, ya diso lalikulu inali ya amene ankaphikira phala ana osochera kufikira makolo awo atapezeka. Atabwerera anakaima pamaso pa makhansala, nanena zimene anamva. Makhansalawo anatsutsana nthawi yaitali. Pomaliza anavomera.

Tsono ntchito inayamba mwa mtundu wina. Mmisiri ali pamwamba, abale a malemu ali pansi, makosi ali chagada.

"Mphunoyo ichepe pang'ono, bambo!"

"Ayi, sanali okwiya choncho. Ankangooneka okwiya ukawabweretsera ndalama yong'ambika."

Iye ankafufuta, n'kuyambanso. Luso lake lonse la zaka zambiri analipereka kwa anthu amene sanawaonepo. Mlongo wa Nangondo, wopenta zitseko uja, ankagwira naye limodzi, ndipo anaphunzira kusakaniza penti yopirira dzuwa ndi mvula. Mwezi umodzi unasanduka itatu. Mmisiriyo sanadandaule. Masana ankadya chinangwa chophika chimene amayi a mumsika ankamutumizira, ndipo ankaona kuti sanagwirepo ntchito yokoma chotere.

Khonsolo nayo inaphunzirapo kanthu. Inalemba kuti chaka chilichonse, mvula ikatha, izipereka penti, ndipo komiti ya msika ndiyo iziyang'anira khomalo. Inalembanso kuti isanaike chithunzi kapena chosema pena paliponse mumzindamo, iziyamba yakhala pansi ndi anthu a pamalopo.

Tsiku limene anamaliza nkhope ya mphini ija, mmisiri anachotsa makwerero, naima pambali. Nangondo anayang'ana kumwamba nthawi yaitali. Kenaka anakonza duku lake, napinda mawondo pang'ono, manja ali pamodzi.

"Mwaswera bwanji, amayi?" anatero.

Ndipo anabwerera pa nyemba zake, chifukwa panali wogula akudikira.

Inu amene mukundimva, ena mwa inu mudzakhala pa mipando yogamula zomanga ndi zokongoletsa m'mizinda yathu. Ena mudzakhala amisiri, manja anu adzatamandidwa. Dziwani kuti chinthu mukachiika pagulu, chachoka m'manja mwanu. Chimakhala cha amene amadzuka nacho, kunyowa nacho, ndi kuchisamala inu mutapita. Tsono mukadzapeza chimene mukuyesa kuti chaonongeka, musafulumire kukweza chitsulo. Yambani mwayang'ana pansi, muone amene wakugwirirani makwerero, mumufunse kuti nkhopeyo ndi ya yani.