Sokosi Imene Inapita ku Chinkhoswe

Panali amayi awiri amene ankakhala m'nyumba za lendi zoyandikana. Chingwe choyanikira zovala chinali chimodzi, ndipo ankabwerekana mapegi, mchere ngakhale moto.

Itafika nyengo yotentha, mmodzi wa iwo, Nachisale, anayamba kusowa masokosi a amuna ake. Akayanika awiri, poanula ankapeza imodzi. Bambowo ankapita kuntchito atavala yakuda phazi lina, yofiirira phazi linalo.

Tsiku lina Nachisale anaima pachingwepo atagwira m'chiuno.

"Amake Lonjezo, pano timayanikapo anthu awiri basi."

"Ndiye wakubayo ndine, asisi?" anayankha mnzakeyo. "Kwathu mwaonako wa mwendo umodzi?"

Moni anathera pomwepo.

Chimene Nachisale sankadziwa ndi ichi. Kunja kukauma, zovala za nayiloni zikamakhulana pamphepo zimayamba kukokana, monga mmene chipeso chokhulidwa m'tsitsi chimatolera tizidutswa ta pepala. Sokosi ndi yopepuka, siikana. Imamatirira pa chovala chachikulu, n'kupindidwa nacho limodzi.

Kenaka m'mudzimo munachitika chinkhoswe. Nachisale anavala diresi lake la nayiloni n'kulowa m'bwalo kukavina. Kumsana kwake kunali sokosi yakuda, itakakamira ngati khanda. Atsikana anayamba kutsinana.

Amake Lonjezo anaiona. Akanatha kuloza chala kuti bwalo lonse liseke. Koma anaimba nthungululu, n'kulowa m'bwalomo, n'kumavina kumbuyo kwa Nachisale. Anaimatula msanga, n'kumaikupiza m'mwamba ngati kansalu kopukutira thukuta. Nyimbo itatha, anaifumbatitsa m'dzanja la mnzake.

"Wakuba uja ndamupeza, asisi. Mwamuvala."

Nachisale anayang'ana sokosiyo, anayang'ananso diresi lake. Anaseka mpaka kukhala pansi.

M'mawa mwake awiriwo anatulutsa zovala zonse za m'sutikesi n'kuyamba kukutumula. Masokosi ankagwa ngati mango. Madzulo bambo aja anakhala pakhonde akuphatikiza awiriawiri, akuimba mluzu.

Nanunso, abale anga, kanthu kakasowa, yambani mwakutumula zanu musanayang'ane khomo la mnzanu. Ndipo mukaona sokosi kumsana kwa amene anakunenerani zoipa, musaloze chala. Lowani m'bwalo, muvine naye.