Moto Wothawa M'chiperoni

Ana inu, wina akadzakuuzani kuti mwambi wa maso a nkhono ndi wakale kuposa galimoto, musalimbane naye. Ine ndikuuzani monga ndidaumvera kwathu ku Thyolo, kumene chiperoni chikagwa zovala zimakana kuuma pachingwe.

Kudali Fanuwelo, mwamuna wamtima wabwino koma waphuma, amene ankanyamula nthochi pa kagalimoto kake kokalamba. Munthuyu ngakhale tiyi ankamwa ali chiimire. Mkazi wake Enelesi adali wofatsa, ndipo atakhala woyembekezera n'kuyamba kukoka miyendo, Fanuwelo adamutcha Nkhono. Ankamuseka choncho, koma mumtima mudali mantha okhaokha. Mimba yoyamba idapita padera, ndipo anamwino adanenetsa kuti ulendo uno asadzachirire pakhomo.

Tsono galimoto ija idali ndi matenda odabwitsa. Kukawala dzuwa inkayenda bwinobwino. Kukangochita chinyezi, injini inkatsokomola, kunjenjemera, n'kutha mphamvu pachitunda. Fanuwelo adasintha mapulagi onse, osatheka. Adasintha koyilo yotumiza moto ku mapulagi, chimodzimodzi. Makaniko wina wa pa Bvumbwe adamuuza kuti, "Achimwene, moto ukuthawira panjira usadafike ku pulagi. Mukayang'ane mumdima injini ikulira, mukauona."

Fanuwelo adalowetsa mutu wa galimoto m'shedi ya nthochi, utsi n'kumatulukira panja. Adatchinga pakhomo ndi ziguduli, adasuzumira kamodzi, n'kutuluka. "Bodza lokhalokha," adatero.

M'mawa wina, chiperoni chitakuta phiri lonse, Enelesi adamuitana motsitsa mawu. "Bambo, nthawi yakwana."

Fanuwelo adathamangira kushedi n'kuliza galimoto. Idatsokomola ngati nkhalamba yosuta chingambwe, ndipo iye adadziwa kuti chitunda cha kuchipatala sikakwera. Adatsegula boneti n'kuyamba kugwira apa, kugwedeza apo, thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira.

Enelesi adamulondola m'shedimo kuti amuuze akaitane anthu amunyamule pamachira. Asadatsegule pakamwa, ululu udamugwira. Adakakamira mkono wa mwamuna wake ndi manja onse awiri.

"Musachoke," adanong'ona. "Ingoimani pompano mpaka zidutse."

Fanuwelo adaima. Chibadwire adali asadaimepo chonchi. Ankamva mpweya wa mkazi wake paphewa, chisoni chitamugwira poona kuti palibe chimene angamuchitire. Maso ake adangokhala pa injini mopanda cholinga, mpaka adazolowera mdima. Apo ndi pamene adaona kanthu kowala ngati chiphaniphani, kakudumpha kuchoka pa waya wa pulagi kupita pachitsulo cha injini. Kankathima, n'kuyakanso.

"Amayi, ndauona," adatero. "Moto uja ndauona."

Ululu utadutsa adazimitsa injini. Wayayo adali ndi mng'alu woonda ngati tsitsi, moti pouma sunkavuta, koma chinyezi chikalowamo moto unkapeza njira yachidule. Adamupukuta ndi mpango wakumutu wa Enelesi, adamukulunga ndi mphira ya chubu, n'kumumangira kutali ndi chitsulo. Ataliza, injini idalira mosalala. Chitunda chija adakwera osaima, iye akuyendetsa mosamala ngati wanyamula mazira.

Mwana adabadwa madzulo, wamkazi, wolira mokweza. Fanuwelo ataloledwa kulowa adapeza kamwanako katatsinzina.

"Kodi sapenya? Ndikufuna andione," adatero, chala chikupita kale patsaya la mwanayo.

Enelesi adagwira chalacho, akumwetulira motopa. "Mwaiwala kale za m'shedi? Uyutu ndi mwana wa Nkhono. Khalani pansi."

Adakhala pansi. Tiyi amene adamupatsa adazizira m'manja. Anthu ankalowa, kutuluka, iye ali phee. Kenaka zikope za mwana zidagwedezeka, diso limodzi lidatseguka, linalo n'kutsatira, ndipo adamuyang'ana bambo wake. Fanuwelo adalira, osachita nazo manyazi.

"Mwaonatu," adatero Enelesi. "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Amayi ena amene adagona m'chipindamo adawamva mawuwo, ndipo potuluka adapita nawo kumidzi kwawo.

Mukadzapeza nkhono panjira, ana inu, mudzayese. Mukaigwedeza imabisa maso n'kulowa m'chigoba, koma mukakhala chete imawatulutsa yokha. Zinthu zambiri zili choncho: vuto lobisika, mtima wa mnzako, ngakhale yankho la samu yovuta. Waphuma amasuzumira kamodzi n'kunena kuti palibe, pamene chinthucho chili pomwepo, chikudikira kuti maso ake azolowere. N'chifukwa chake timati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Waya uja Fanuwelo adagula wina watsopano. Phuma silidamuthere lonse, ndisakunamizeni, koma kuyambira tsikulo tiyi ankamwa atakhala pansi, mwana ali pamwendo.