Wakabaza ndi Mafuta Osayenga

Panali munthu wina wakabaza amene ankakhala kuseri kwa msika wa paboma. Njinga yake yamoto ndiyo inali munda wake. Ikayenda ana adya, ikaima ana agona ndi njala. Munthuyu anali wofunsafunsa, ndipo akaona chinthu chachilendo mtima sunkakhala m'malo mpaka adziwe kumene chachokera.

Tsiku lina mlamu wake, amene ankayendetsa thanki ya mafuta, anabwera kuchokera kudoko atanyamula botolo. M'botolomo munali zinthu zakuda bii, zolemera ngati phala, fungo lake loipa.

"Alamu, awa ndi mafuta osayenga, mmene amatulukira pansi pa nthaka," anatero mlamuyo. "Petulo ali momwemu. Parafini, dizilo, kandulo, phula la pamsewu, ngakhale jumbo mumagulira tomato ija."

"Aaa, alamu, musandipusitse! Kandulo woyera uja achoke m'matope amenewa?"

Mlamuyo anafotokoza kuti kufakitale amawawiritsa pamoto waukulu, nthunzi yake n'kumakwera m'nsanja yaitali. Zopepuka zimafika pamwamba, zolemererako zimatsalira pakati, phula limakhala pansi, ndipo chilichonse chimatulukira paipi yakeyake.

Wakabaza anaika botolo lija pawindo. Ankaligwedeza, ankaliyang'ana padzuwa, kufuna kuona kuti petuloyo wabisala mbali iti. Sankaona kanthu, koma chidwi chokha chinkakula.

Kenako petulo anasowa m'tauni. Wakabaza anaima pamzere kuyambira m'mawa, dzuwa likumuswa mutu, anthu amene ankawanyamula akudutsa wapansi. Zinamuwawa kwambiri. Ndiye anakumbukira botolo lija, nati mumtima, "Ngati petulo ali momwemo, injini isankha yokha. Ndivutikirenji pano?"

Anachoka pamzere, nakankha njinga mpaka kwawo, nakhuthulira botolo lonse pa kapetulo kochepa kamene kanatsala m'thanki ya njingayo.

Njinga inalira. Inayenda pang'ono, iye akumwetulira. Isanafike n'kumsika komwe inatsokomola utsi wakuda, n'kuzima. Makaniko atatsegula injini anagwira pakamwa, chifukwa zakuda zija zinali zitamata paliponse. Anzake amene anapirira pamzere anathira petulo madzulo omwewo. Njinga yake inagona kugalaja masabata, ndipo kunyumba moto sunkayaka tsiku lililonse.

Abale anga, nkhaniyi imandichititsa chidwi chifukwa mlamu uja sananame. Petulo analimodi m'botolomo. Kungoti anali asanadutse pamoto.

Umu ndi mmene Mulungu amatipezera ife. Mwa munthu mmodzi muli kuimba, muli kuphunzitsa, muli chifundo, muli utsogoleri, koma zonsezi zasakanikirana ndi kunyada, mkwiyo ndi nsanje. Iwe ukadziyang'ana sungathe kuzilekanitsa. Amalekanitsa ndi Mulungu, ndipo amachita zimenezi ndi moto: kudzudzulidwa, kudikira, kuphunzitsidwa ndi munthu amene umamuona ngati wamng'ono kwa iwe.

Ena mwa ife timati, "Mphatso ndili nayo, ndipatseni udindo lero." Inde, m'bale, uli nayo, palibe akukana. Koma ukathawa moto, sudzalowa mu mpingo ndi mphatso yokha. Udzalowa ndi phula lako lomwe, ndipo amene adzaime panjira ndi anthu amene unayenera kuwanyamula.