Maluwa Amene Anakamasulira ku Nsanje

Kunali mayi wina ku Bvumbwe, wamasiye, amene ankalima maluwa otchedwa kaneshoni. Dzina lake musandifunse. Ndikukudziwani inu, mukangotuluka muno muyamba kunong'onezana kuti kodi si uja wa kuseri kwa msika. Ili ndi fanizo, gwirani nkhaniyo basi.

Mwamuna wake asanamwalire anagona m'chipatala miyezi itatu, ndipo mayiyu ndiye ankadikirira matendawo. Amene munadikirirapo wodwala mukudziwa moyo wa kukhitchini kwa odikirira. Utsi m'maso, nkhuni zogula, mchere wopemphana. Kumeneko anapalana ubwenzi ndi mayi Semba, mayi wachikulire wa ku Nsanje, amenenso ankadikirira mwamuna wake. Ankaphika pa mafuwa amodzi. Wina akapita kukatembenuza wodwala, mnzake ankasonkhezera moto wa onse awiri.

Tsiku lina akutsuka mbale, mayi Semba anati, "Bambo akachira tikadalitsa ukwati kutchalitchi. Takhala zaka makumi atatu ndi zisanu, koma ine duwa lenileni sindinaligwirepo m'manja. Kwathu kotentha kuja timangodziwa apulasitiki."

Mayi wathuyu anayankha kuti, "Maluwa a tsiku limenelo adzachokera kwa ine, amayi. Enieni, onunkhira."

Ankalankhula zimenezi alibe ngakhale mbande imodzi. Chimene anali nacho ndi luso, chifukwa ali mtsikana anagwirapo ntchito m'munda wa maluwa ku Zomba. A Semba anachira n'kubwerera kwawo. Mwamuna wa mayiyu sanachire. Asanabwerere ku Nsanje, mayi Semba ndiwo anamumangira katundu tsiku lotuluka m'chipatala ndi maliro, n'kumuperekeza mpaka pagalimoto akulira ngati mbale wake.

Maliro atatha, mayiyu anapita kwa achimwene ake, a Mulipa, amene ankagwira ntchito ku Limbe. Iwo ndiwo anali mwini mbumba, ndipo dimba la makolo m'mbali mwa mtsinje linali m'manja mwawo. Anawapempha dimbalo kuti adzalemo maluwa. A Mulipa anaseka mpaka kutsokomola.

"Achemwali, maluwa amadyedwa? Chabwino, ndakupatsani miyezi isanu ndi umodzi. Ndikadzabwera ndidzaone chinthu ndi maso angawa. Ndikadzapeza zamasewera, mulowa kabichi."

A Mulipa sanali munthu woipa ayi. Mbumba inali yaikulu, dimba linali limodzi, ndipo kabichi wa ku Bvumbwe sagona pamsika.

Mayiyu anakwera basi kupita ku Zomba kukagula mbande. Sanatole chilichonse chimene anamuloza. Ankazula kambande m'chubu, kuyang'ana mizu ngati ili yoyera, kutembenuza masamba kuona ngati kulibe tizilombo. Wogulitsa anatopa naye. Anabwera nazo mbande makumi asanu ndi limodzi m'dengu, ataphimba ndi chitenje chonyowa.

Tsono kaneshoni si chimanga, abale anga. Chimanga timachibandira, kuchiunjikira dothi mpaka m'chiuno, icho n'kumasangalala. Kaneshoni ukamubandira amawola patsinde. Amafuna kumudzala pamwambamwamba, pa bedi lokwera, pamene madzi sadikha. Anthu a madimba oyandikana ataona mmene wadzalira anamumvera chisoni. Wina anabwera ndi khasu kuti amuthandize kukwezera dothi, mayiyu anamugwira mkono n'kumuthokoza, n'kumubweza.

Patapita milungu inayi, mbande zitagwira bwino n'kuyamba kutalika, mayiyu anadutsa bedi lonse akutsina nsonga ya chomera chilichonse ndi chikhadabo. Pamenepo anthu anagwirizana kuti imfa ya mwamuna yamusokoneza mutu. Iye ankadziwa kuti chomera chotsinidwa chimatulutsa nthambi zinayi kapena zisanu m'malo mwa imodzi.

Anakhoma zikhomo, n'kumasula ulusi wa matumba a feteleza, n'kuluka ukonde pamwamba pa mabedi kuti mapesi akamatalika asagwe. Madzi ankathira patsinde, osanyowetsa masamba. Akangaude ofiira aja amene amatha tomato wathu atabwera, iye anawaona tsiku loyamba lomwe, chifukwa m'mawa uliwonse ankagwada kusuzumira kunsi kwa masamba. Ine ndimanyadira anthu otere. Munthu wodziwa ntchito yake, amene mudzi wonse ukamuseka iye amangopitiriza kuluka ukonde wake.

Anthu odutsa ankafunsa, "Anyezi wanuyu abereka liti, mayi?" Paja masamba a kaneshoni ndi owonda, otuwa. Ena ankati ndi munda wa maluwa wopanda maluwa. Iye ankawapatsa moni n'kuwafunsa za kunyumba. Koma musaganize kuti sizinkamupweteka. Zinkamupweteka kwambiri, ndipo mumtima ankadikira tsiku limodzi lokha, tsiku limene mabedi aja adzafiire kuti onse atseke pakamwa.

Mwezi wa Okutobala utafika, timitu ta maluwa tinatupa, kalikonse kofumbata ngati dzanja la khanda. Lolemba lina kunabwera mauthenga awiri. Woyamba unali wa mayi Semba: ukwati udalitsidwa Loweruka likubwerali. Wachiwiri unali wa a Mulipa: abwera Lamulungu kudzaona dimba, ndipo mbande za kabichi zakula kale pa nazale, zikungodikira malo.

Mayiyu anatsikira kudimba n'kuima pakati pa mabedi. Mapesi oyamba, pafupifupi makumi asanu ndi awiri, anali atangoyamba kuonetsa kamtundu kunsonga, ena kofiira, ena koyera. Ena onse anali akadali obiriwira, ofunika milungu iwiri kapena itatu. Iye ankadziwa kuwerenga duwa. Akawasiya amene ayambawo, pofika Lamulungu adzakhala atamasula onse, munda udzaoneka kuchokera kumsewu, ndipo achimwene ake sadzatchulanso za kabichi.

Koma ankadziwanso lamulo la duwa limeneli. Kaneshoni wopita kutali amadulidwa asanamasule. Ukamudula ali chofumbata amapirira ulendo, n'kukamasulira m'manja mwa amene wamulandira. Maluwa a Loweruka ku Nsanje anayenera kudulidwa Lachisanu m'mawa. Ndipo akadulidwa Lachisanu, Lamulungu m'dimba mudzakhala masamba okhaokha.

Anaimbira foni a Mulipa kuwapempha kuti adzabwere patatha milungu itatu. Iwo anati, "Ine ndinati miyezi isanu ndi umodzi, ndipo yakwana. Mbande zanga zikukalamba. Lamulungu ndili konko."

Apa ndi pamene munthu amayamba kuchita malonda ndi mtima wake, ndipo inu nonse mumawadziwa malonda amenewa. Mtima unati, mayi Semba ali kutali, auze kuti maluwa sanakhwime, adzadziwa bwanji? Unatinso, dula theka, siya theka, onse akondwe. Koma theka likanakhala kamtolo kochititsa manyazi m'manja mwa mkwatibwi, ndipo theka lotsalalo likanangokhala madonthomadontho m'munda, osakhutiritsa aliyense. Mtima unabweranso ndi nzeru ina: gula apulasitiki ku Limbe utumize, paja kumeneko ndi amene anazolowera.

Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, timatero ife. Ndipo lonjezo ili linalibe mboni. Linanenedwa pamalo otsukira mbale, pakati pa amayi awiri otopa. Palibe khoti limene likanamuzenga mlandu. Mbali inayi kunali dimba, chinthu chokhacho chimene wamasiyeyu ankadalira, ndi dzina lake pamaso pa mudzi wonse.

Lachisanu m'mawa, mame asanaume, anatsikira kudimba ndi mpeni ndi ndowa ya madzi. Anadula phesi loyamba pamwamba pa mfundo. Anadula lachiwiri. Anadula onse amene anaonetsa mtundu, sanasiye ndi limodzi lomwe loti adzidzatonthozera nalo maso. Anawamwetsa madzi pamthunzi, anakulunga matsinde ndi nsalu yonyowa, anawagoneka m'katoni yoboola timabowo, n'kusenza kupita kumsewu.

Ku Blantyre anapeza minibasi ya ku Nsanje. Anauza kondakitala kuti katoniyo isakhale pafupi ndi injini, ndipo thumba lililonse lisakwere pamwamba pake. Ndalama yoti iye mwini akwere n'kupita ku Nsanje analibe. Anaima pamenepo mpaka minibasi inanyamuka, kenako anabwerera kwawo chimanjamanja.

Loweruka ku Nsanje kunacha ndi dzuwa lake lija loswa mtengo. Maluwa anagona m'ndowa ya madzi kuseri kwa chitseko kwa mayi Semba, ndipo kutentha kwa kuchigwa kunamaliza ntchito imene mayiyu anaiyamba. Pofika nthawi ya tchalitchi onse anali atamasula, ofiira ndi oyera, aakulu bwino. Mayi Semba, imvi zili mbuu pansi pa chophimba kumutu, analowa atawafukata pachifuwa, a Semba ali pambali ndi ndodo yawo. Fungo linadzaza mabenchi a kutsogolo. Amayi ena anatambasula manja kutsina kamodzi kuti atsimikize ngati si pulasitiki.

Mayi wathu uja sanaone chilichonse mwa zimenezi. Loweruka limenelo anali kudimba, akupalira.

Lamulungu masana a Mulipa anafika, nsapato zopolisha, anthu angapo a madimba oyandikana akuwatsatira kudzaonerera. Anayenda bedi loyamba, lachiwiri, lachitatu. Masamba otuwa, ulusi wa matumba, zitsa zodulidwa kumene. Anatembenuka.

"Achemwali, miyezi isanu ndi umodzi. Maluwa ali kuti?"

Mayiyu anaimirira, anapukuta manja pachitenje, anawayang'ana achimwene ake m'maso. "Amasula dzulo, achimwene. Ku Nsanje."

Anawafotokozera zonse, kuyambira kukhitchini kwa odikirira. Sanagwade kupempha, sanalire. Analankhula ngati munthu amene wakolola.

Ndikuona ena mwayamba kumwetulira. Mukudikira ndinene kuti a Mulipa anagwetsa misozi, n'kumupatsa dimba lonse ndi njinga yakapalasa pamwamba. Ayi, mwalemba m'madzi. A Mulipa anakanda kumutu, n'kunena kuti, "Mwachita zaumunthu, sindikukana. Koma ine ndinati ndidzaone ndi maso, ndipo mbumba sidya nkhani. Mawa muyambe kuzula."

Dimba linapita. Anthu oonerera aja anabalalika, ena akuseka, ena akupukusa mitu. Mayiyu m'mawa mwake anathyola tinthambi tanthete pa zomera zake zabwino, n'kukatibzala m'zitini ndi m'machubu kuseri kwa nyumba yake, pakamalo kosakwana mphasa ziwiri. Akuchoka kudimba komaliza, dengu lili pamutu, anadutsa pakati pa madimba a anthu onse amene ankamuseka. Sanalambalale kudzera kumtsinje. Anadutsa njira yapakati, khosi lili chilili, akupereka moni kwa aliyense ndi dzina lake.

Tsono mverani tanthauzo lake. Mulungu anapatsa aliyense wa ife munda, ndipo zabwino zambiri zimene amatituma kulima sizimasulira m'munda mwathu. Zimadulidwa zikadali zofumbata, n'kukamasulira m'manja mwa anthu ena, kutali, ife kulibe. Inu aphunzitsi a Sande sukulu, ana amene mumalimbana nawo pansi pa mtengo paja adzakhala anthu olongosoka ku Mzuzu kapena ku Joni, inu osawaona. Inu amayi amene mukulera ana a malemu mchemwali wanu, mwina tsiku la ukwati wawo pa tebulo lapamwamba padzakhala ena. Inu amene mumayendera odwala pakati pa sabata, palibe amene adzakuwerengeni pa zolengeza.

Yesero lake ndi lomweli limene linamupeza mayiyu. Mtima umafuna kusunga maluwa kuti amasulire pakhomo pathu, Lamulungu, anthu akuona. Tikatero dzina timalipeza, koma munthu amene Mulungu anatitumako amalowa m'tchalitchi manja ali lende. Ndipo sindikunamizani kuti mukasankha bwino dziko lidzakuomberani m'manja. Nthawi zina dimba limapitadi.

Koma pali kunyada kumene Mulungu amadana nako, ndipo pali kunyada kumene Iye mwini amapereka. Koyambako ndi kwa munthu amene akufuna aonedwe. Kwachiwiriko ndi kwa munthu amene akudziwa kuti anasunga mawu ake ngakhale zinamutayitsa zambiri, ndipo kumeneko palibe mwini mbumba amene angakulande. Mwini munda weniweni sayendera dimba Lamulungu lokha. Analipo Lachisanu m'mawa pamene mpeni unkadula mapesi aja, analiponso Loweruka ku Nsanje.

Choncho wina akadzaima pakhomo panu, n'kuyang'ana moyo wanu, n'kufunsa kuti zaka zonsezi mwapindula chiyani, musaweramitse mutu. Ngati munadula n'kutumiza kumene Mulungu anakuuzani, muyang'aneni m'maso, mumuuze kumene maluwa anu anakamasulira.